Msonkhano Umene Unagona M'nyumba za Anthu ku Chiparamba

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa amayi anu aakulu, amene amazikometsera kuposa mmene zinalili, choncho ine ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa ntchito yotayipa pa koleji ina ya zaulimi kunja kwa tauni ya Chipata ndili mtsikana woonda, wamanyazi m'maso koma pakamwa ayi. Bwana wanga woyamba anali a Mwale, munthu wamtali wosadziwa kuseka. Tsiku loyamba anandilozera taipilaita imene inali pakona n'kunena kuti, "Makinawa ndi aakulu kwa iwe, uziwapatsa ulemu." Sananame. Zilembo zina zinkakanirira papepala ndipo ndinkazibweza ndi chala, moti ngakhale inu mutabadwa ndinkafikabe kunyumba manja ali bii, inu n'kumandithawa kuti ndingakudetsereni mayunifomu.

Zaka zimenezo chilichonse chinali chosowa. Riboni ikatha tinkaitembenuza, ikathanso tinkaidonthezera mafuta a makina osokera kuti itulutse kainki kotsalako. Ndikalakwitsa pa sitensulo, pepala lija losindikizira makope ambiri, ndinkamata ndi utoto wanga wa zikhadabo, ndipo a Mwale ankanunkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati mu ofesi mwawo mwatsegulidwa saluni. Koma zimene ndinkatayipazo, abale inu, zinkandigometsa. Ine ndinakulira pa khasu ku Chiparamba, koma sindinkadziwa kuti munthu wamkulu, wandevu zake, angathe kutha nyengo zingapo za dzinja akulondola kambozi kamodzi ka m'thonje kuti adziwe kumene kamagona. Aphunzitsi a pakoleji paja ankandibweretsera mapepala awo a kafukufuku, a za nthaka, a za chiswe, a za matenda a mtedza, ndipo ine ndinkatayipa pang'onopang'ono dala kuti ndiwerenge. A Mwale akandipeza ndili duu, maso papepala, ankati, "Kodi iwe ukutayipa kapena ukupemphera?"

Chimene chinkandiwawa ndi kumene mapepalawo ankathera. Mphunzitsi ankatumiza pepala lake ku msonkhano wa akatswiri, ku Lusaka kapena kunja kwa dziko, yankho n'kubwera loti alilandira, akawerenge yekha pamaso pa anzake. Tsiku limenelo kunkakhala chimwemwe, anzake n'kumamugwira chanza m'khonde. Kenako ankayamba kuyendera ma ofesi kufuna thandizo la ulendo, la pogona ndi lolembetsera, ndipo kulikonse ankamuuza kuti adikire. Tsiku la msonkhano linkafika iye ali m'kalasi, choko chili m'manja, pepala lija litabwerera mu kabati yanga.

Kamodzi kokha anandinyamula kupita ku Lusaka kuti ndikathandize kutayipa pa msonkhano wotere. Ndinalowa mu hotela ndikuopa kuponda kapeti. Ndinaona anthu ophunzira akutsutsana mwaulemu, wina akufunsa funso lobaya, woyankha n'kuthokoza m'malo mokwiya, ndipo ndinati mumtima, kodi kuli dziko lotere? Koma pakhomo panali tebulo la timakhadi ta maina tovala pachifuwa, ndipo tambiri tinakhala pomwepo mpaka tsiku lomaliza. Anali maina a ku Lundazi, a ku Petauke, a kwathu ku Chipata. Wapampando ankaitana dzina, m'chipinda n'kuti zii, iye n'kunena kuti sanabwere, n'kupita pa dzina lina. Limodzi mwa mapepala amene anadumphidwa choncho ndinatayipa ndine, ndipo ndikanatha kulinena pamtima.

Zaka za m'ma 2000

A Mwale atapuma, mabwana anabwera n'kumapita, makompyuta anafika, taipilaita ija inakakhala ku sitolo pamodzi ndi mipando yothyoka. Kenako kunabwera a Dokotala Jere, munthu wabwino mtima, woyenda mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto, wokonda wotchi yake kwambiri. Iwowa anali wapampando wa kabungwe ka anthu ofufuza za mtedza, soya ndi nyemba ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo anandiika kukhala mlembi wake. Tinkakangana tsiku ndi tsiku koma tinkamvana. Ankati, "Amayi Banda, inu mukanakhala mwamuna bwenzi muli loya." Ine ndinkati, "Ndikanakhala loya bwenzi wotchi yanuyo ili m'ndende."

Ndi m'zaka zimenezi, ine nditatsala pang'ono kupuma, pamene ndinadziwana ndi Esinati Mbewe. Anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Madzimoyo, ndipo ankaphunzira digiri yachiwiri ali pantchito pomwepo. Ankabwera ku laibulale yathu masiku opuma, nsapato zili mbuu ndi fumbi, ndipo ankandipempha madzi akumwa mwaulemu umene ana a masiku ano alibe. Kafukufuku wake anali wa chuku, nkhungu ija imagwira mtedza wosauma bwino n'kuupatsa chiphe chimene chimadwalitsa anthu komanso kukanitsa mtedza pa msika. Iye ankayesa kuumitsa mtedza pa thandala lokwera m'malo mouyanika pansi, ndipo anali atagwira ntchito ndi alimi a ku Madzimoyo nyengo zingapo. Ntchito yonse inali itatha. Chinatsala n'chimodzi: lamulo la yunivesite yake linkati asanapatsidwe digiri awerenge pepala lake pa msonkhano wa akatswiri, ndipo katswiri wa kunja amumve n'kutumiza ndemanga.

Tsiku lina ndinamupeza atakhala pa sitepe ya laibulale atagwira tsaya. Ndinati, "Iwe Esinati, wafedwa?" Anaseka pang'ono n'kundiuza kuti pepala lake analilandira ku msonkhano wa kunja, koma analephera kupita, analilandiranso ku Lusaka, analepheranso. Malipiro a uphunzitsi ankathera pa azing'ono ake ndi mankhwala a amayi ake. Tsopano yunivesite inali itamuuza kuti chaka chimenecho chikatha asanawerenge, dzina lake lichotsedwa ndipo adzayambirenso. "Kuyambiranso sindingathe, amayi," anatero. "Ndingowasiya mapepalawo, ndizikolezera moto." Ndinamukalipira kwambiri chifukwa cha mawu amenewo, koma pobwerera ku ofesi ndinkaona timakhadi ta ku Lusaka tija m'maso mwanga.

Nzeru inandipeza ku tchalitchi, osati ku ofesi. Ndinapita kwathu ku Chiparamba ku chikondwerero cha makwaya, ndipo ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ubwana osachiganizira. Makwaya a maparishi akutali anafika ndi bulangeti lokha, akatekisiti anaima pabwalo, miphakati, timagulu tija ta akhristu a m'dera limodzi, inabwera n'kugawana alendo. Uyu wanga, awa athu, ndipo dzuwa lisanalowe panalibe mlendo wotsala pabwalo. Palibe anatchula za hotela. Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Jere osagogoda n'kuwauza kuti msonkhano wa bungwe lathu wa chaka chimenecho uchitikire mu holo ya parishi ku Chiparamba, alendo agone m'nyumba za anthu, ndipo kathandizo kamene tinali nako kagwire ntchito yonyamula amene sangathe kudzilipirira ulendo.

"Mapulofesa agone pamphasa?" anatero a Jere, akuvula magalasi.

"Anabadwira pa matilesi?" ndinawafunsa.

"Amayi Banda, anthu awa ndi olemekezeka. Nanga madzi osamba? Nanga zimbudzi?"

"Ofuna loji akagone m'tauni, basi iziwatenga m'mawa. Koma ine ndatopa kutayipa maina a anthu amene sabwera, a Dokotala."

Komiti inakangana nazo, ena anati tichititsa bungwe manyazi, koma mapeto ake anavomera monyinyirika, ndipo a Jere anandiuza poyera kuti zikavuta ndidzayankha ndine.

Meyi wa chaka cha msonkhano

Tinasankha Meyi, nthawi yokumba mtedza, kuzizira kukuyamba kumene. Tsiku lofika alendo sindidzaliiwala. Anthu amene ndinkangowadziwa ndi maina a pa makalata anatsika basi ali ndi nkhope, ena achikulire, ena ana enieni. Wa ku Lundazi anakwera lole ya thonje mpaka ku Chipata. A ku Malawi anaoloka malire pa Mwami wapansi, zikwama pamutu, basi yathu n'kuwatenga tsidya lino. Panabweranso mayi wina wamkulu, pulofesa wa ku Ghana wodziwika kwambiri pa nkhani ya chuku, amene yunivesite ya Esinati inavomera kuti ndiye amumve n'kutumiza ndemanga. Ndinali nditawasungira chipinda chabwino m'tauni, koma ataona akatekisiti akugawa alendo anandigwira mkono n'kufunsa kuti, nanga iwo awatenga ndani? Anatengedwa ndi mayi wina wamasiye wogulitsa tomato, ndipo anthu a m'mudzi anangowatcha kuti Amayi a Duku chifukwa cha duku lawo lalikulu.

Chimene sindinachiganizire ndi malonje. Kwathu mlendo akalandiridwa, akakhala pansi n'kumwa madzi, amafotokoza kumene wachokera, mmene wayendera ndi chimene wadzera, ndipo eni nyumba amamvetsera mpaka amalize. Ndiye taganizani, munthu wozolowera kulankhula ndi zithunzi za pakhoma, wakhala pa chitsa, banja lonse lamuzungulira, afotokoze chimene wadzera m'mawu oti agogo amve. M'mawa mwake akatswiri aja anafika ku holo akuseka, akusimbirana mmene anatulukira thukuta. Wina wa ku Mozambique anati m'moyo wake sanafunsidwepo mafunso ambiri chotere za nyemba. A Jere, amene anakagona kwa akatekisiti poopa kuoneka onyada, anandiuza kuti, "Musanyade, Amayi Banda, msana wanga ukudziwa mlandu wanu."

Esinati anagwera m'manja mwa a Lazaro Daka ndi akazi awo anaTembo. A Daka anali mlimi wa mtedza ndi thonje, bambo wachikulire wanthabwala, wokonda mtsutso kuposa chakudya. Ana awo onse anali kutali, ndipo atangomuona Esinati anati, "AnaTembo, mwana wathu uja wabwera." Pa malonje Esinati anawafotokozera za thandala lake, ndipo a Daka anamutsutsa mpaka anaTembo anawaletsa kuti mlendo adye. Koma Lachinayi m'mamawa ndikudutsa pakhomo pawo ndinawapeza akusema mitengo, akumanga kathandala kakang'ono motsatira mmene Esinati anajambulira pansi ndi kamtengo.

"Atate, mwagonja?" ndinawafunsa.

"Kugonja ine? Ndikumanga kuti mawa akaonetse anthu chinthu chogwirika, asakangolozera pakhoma ngati anzakewo. Koma funso langa ndasunga. Ndikamufunsanso pagulu."

"Funso lanji?"

"Mukalimva mawa. Taonani uko," anatero akuloza chingwe. Pachingwepo panali jekete yawo yakuda ya ku tchalitchi, anaTembo ataichapa kuti amuna awo aivale pokamvera mwana wawo.

Masiku awiri oyamba anayenda bwino koposa mmene ndinkalotera. Holo inkadzaza, magetsi akazima jenereta ya ansembe inkagwira, ndipo palibe dzina limene linaitanidwa popanda woyankha. Ine ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba. Esinati tinamuika Lachisanu m'mawa, tsiku lomaliza, chifukwa a Pulofesa ankayenera kunyamuka masana kudzera pa Mwami kuti akakwere ndege ku Lilongwe m'mawa mwake. Lachinayi chakumadzulo, tikutuluka mu holo, tinamva mfuu kuchokera kumudzi. A Daka anali atagwa ku dimba akuthirira, ndipo pamene anthu ankawanyamula anali atatisiya kale.

Lachisanu

Kutacha a Jere anandipeza pakhomo pa holo. Anali atapita kale kukapepesa, maso ali ofiira, ndipo analankhula motsitsa mawu. "Amayi Banda, imbirani basi. Titenge anthu tikamalizire ku koleji. Sitikunyoza maliro, tingochoka mwakachetechete." Sindingawanamizire, maganizo awo anali anzeru. M'mudzi mukagwa zovuta palibe amagwira khasu, palibe amachita msonkhano, ndipo holo ili pafupi ndi nyumba za anthu. Ndinati chabwino, ndikamutenge kaye Esinati.

Ndinalowa m'nyumba ya siwa chogwada. Azimayi anali atadzaza, akuimba motsitsa, ndipo Esinati anali pamphasa pafupi ndi anaTembo, atavala chitenje ndi duku, mutu wa namfedwa uli paphewa pake. Aliyense wolowa ankagwira chanza anaTembo kenako Esinati, monga amachitira ndi mwana wa m'nyumba. Ndinamunong'oneza za basi.

"Amayi, nditulukamo bwanji muno?" anandiyankha. "Dzulo m'mawa ndinadya nawo m'mbale imodzi. Ana awo sanafike. Anthu akupepesa ine."

"Nanga digiri, mwana iwe?"

"Ndikudziwa, amayi," anatero, misozi ikutsika.

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Ndikuuzeni zoona, ana anga, ndikanatha kumutulutsa. Ndikananong'oneza anaTembo mawu amodzi akanamumasula, ndipo Esinati sakanandikanira chifukwa ankanditenga ngati mayi ake. Msonkhano wonsewu ndinauvutikira chifukwa cha iyeyo. Koma ndinaganizanso za basi ikulowa m'mudzi adzukulu ali kumanda akukumba, alendo akutuluka m'nyumba ndi zikwama, akudutsa pakhomo pa siwa. Ndine ndinayenda mphakati ndi mphakati kupempha anthu awa kuti atsegule zitseko, ndipo anatsegula osafunsa kanthu. Tikanachoka m'mawa umenewo, akanatitsanzika mwaulemu ndithu, koma akanadziwa kuti tinangowasandutsa loji. Ndinabwerera ku holo kwa a Jere.

"Basi sindiimbira, a Dokotala."

"Mwati bwanji?"

"Tagona m'nyumba zawo, tadya chakudya chawo. Maliro awa ndi athunso. Tichoka akaikidwa."

Nkhope yawo inasintha. "Mukudziwa kuti mwamuphera digiri mwana uja? A Pulofesa anyamuka masana. Inu mupuma ntchito posachedwa, muzikalima dimba lanu, iye atsala ndi chiyani?" Mawu amenewo anandilasa mpaka lero ndimawamva. Foni anali nayo m'manja, nambala ya dalaivala ankaidziwa, akanatha kuimba okha. Anaiyang'ana kanthawi, anaiponya m'thumba, n'kupita kukakhala pa chipika pamodzi ndi azibambo osandiyang'ananso.

Ndinayenda nyumba ndi nyumba kuuza alendo kuti lero kulibe msonkhano, kuli maliro. Ena anadandaula, makamaka amene mapepala awo anali a tsiku lomwelo, ndipo sindinawaimbe mlandu. Koma onse anabwera. A Pulofesa anangopempha chitenje kwa mayi wa tomato uja, analowa m'nyumba ya siwa, anatambalala pamphasa, ndipo nyimbo zimene sankazidziwa ankazitsatira ndi mphuno. Galimoto yawo inafika masana. Mwambo unali usanayambe chifukwa tinkadikira mwana wamkulu wa malemu wochokera ku Lusaka, ndipo dalaivala ankandituma kawirikawiri kukawauza a Pulofesa kuti iye safuna kuoloka pa Mwami kutada. Nditawanong'oneza a Pulofesa anati kwawonso munthu sachoka mtembo uli m'nyumba, adikire mpaka aike. Choncho ndinadziwa kuti tikachoka kumanda iwo akwera galimoto, ndipo za Esinati zathera pomwepo. Pa misa yonse sindinapemphere bwino, ndinkangoyang'ana dzuwa likupendeka.

Ataika, nkhata zitayalidwa, anaimirira a Fabiano, mwana wa mlongo wawo wa malemu, amene ankalankhulira banja. Anathokoza mpingo, adzukulu ndi midzi yoyandikana. Kenako anatembenukira kumene kunaima alendo athu. "Alendo athu, mwatilemekeza. Tamva kuti lero munali ndi ntchito yanu ndipo mwaisiya chifukwa cha ife. Amalume anachapitsa jekete kuti lero akamve mwana wawo akulankhula. Jeketeyo tawaveka, apita nayo. Ndiye amayi m'nyumbamo atituma kuti ife tipite m'malo mwawo. Tikasamba m'manja, tonse ku holo."

Panamveka kung'ung'udza. Azimayi ena achikulire anati zoterezi sanazionepo, kuchoka kumanda n'kupita ku msonkhano, ndipo ankanena zoona. Koma mawu anali a namfedwa mwini, ndipo gulu linayamba kuyenda. Mayo ine, zimene ndinaona tsiku limenelo! Msewu wonse unadzaza anthu, azimayi a zitenje za mpingo, azibambo zipewa zili m'manja, mapulofesa fumbi lili m'mawondo, palibe wodziwa kuti wophunzira ndi uti. Patsogolo panali adzukulu, anyamata omwe aja ananyamula bokosi, dothi la kumanda lili m'miyendo, tsopano atasenza pamapewa kathandala ka a Daka. A Pulofesa anafika pa galimoto yawo injini ikulira, anayang'ana gulu lija, anatsegula chitseko, anatulutsa chikwama chawo n'kuuza dalaivala kuti azimitse.

Mu holo simukanakwana anthu, choncho tinatulutsa mabenchi pansi pa mitengo ya mango. Zithunzi za pakhoma zinalibenso ntchito. Esinati anaima pafupi ndi thandala lija, chitenje cha pamaliro chili m'chiuno, maso otupa, ndipo anayang'ana a Jere kufunsa kuti alankhule chinenero chiti. A Jere anaimirira, anavula wotchi yawo n'kuiika m'thumba, ndipo anati, "Lankhula Chinyanja, mwana wanga. Chizungu ndimasulira ndine." Esinati anayamba motsitsa mawu, kenako analimba. Anafotokoza mmene chuku chimalowera mu mtedza wonyowa, chifukwa chimene mtedza wooneka bwino ungakhalebe ndi chiphe, ndi zimene anapeza pa minda ya ku Madzimoyo. Ankagwira mitengo ya thandala, ankaonetsa mmene mpweya umadutsira pansi. Gulu lonse lija linali chete, ngakhale makanda, ndipo a Jere ankatsatira chiganizo ndi chiganizo, thukuta likuwatsika m'khosi.

A Pulofesa anafunsa mafunso awo, olimba ndithu, osamumvera chisoni, ndipo Esinati anawayankha onse, limodzi anavomera kuti ayenera kukaliyesanso. Akatswiri ena anafunsanso. Kenako a Fabiano anakweza dzanja. "Amalume anandisiyira funso lawo dzana tikuchokera ku dimba. Anati, thandala n'labwino, nanga mbuzi?"

Anthu anaseka, chiseko chija chotuluka pamodzi ndi misozi. Esinati anagwira pakamwa. "Ndinawauza kuti miyendo ya thandala italike ndipo tizitchinga ndi minga," anatero. "Iwo anati mbuzi ya ku Chiparamba imakwera ngakhale mtengo. Sitinamalize kukangana." Apa mawu anamuthera, ndipo azimayi anayambitsa nyimbo kuti amuphimbe. A Jere sanamasulire zimenezo, anangotembenuka n'kumapukuta magalasi awo.

A Pulofesa ndege inawasiya. Anagonanso kwa mayi wa tomato uja, ndipo m'mawa analemba ndemanga yawo pa tebulo la akatekisiti asananyamuke. A Jere sanandipepese ndipo ine sindinawapepese. Pokwera basi anangoti, "Amayi Banda, chaka chamawa mundipezere nyumba ya matilesi."

Nditapuma ntchito

Msonkhanowo unapitirira kugona m'nyumba za anthu ngakhale ine nditachoka, chaka china ku Madzimoyo, chaka china tsidya la Malawi, ndipo ndimamva kuti amene amagona ku loji tsopano ndi amene amadandaula kuti akumanidwa. Mapepala amene anatsala Lachisanu lija anawerengedwa chaka chotsatira, ndipo msonkhano unayamba ndi eni ake. Mukadzamva anthu akunena kuti amayi anu anayambitsa zimenezi, mudzawauze kuti amayi anu anangoonera kwa makwaya, ndipo tsiku lovuta anangokana kuimba foni, ali ndi mantha.

Esinati anatenga digiri yake. Ku mwambo wa ku yunivesite sindinapite, koma atabwerako anandipeza kunyumba, mkanjo wake uli m'pepala la pulasitiki, n'kunena kuti ndimuperekeze ku Chiparamba. Tinapeza anaTembo akusenda mtedza pakhonde. Kuseri kwa nyumba kunali thandala lalitali lotchingidwa ndi minga, a Fabiano atawamangira. Esinati anavala mkanjo uja ndi chipewa chake pabwalo pomwepo, anagwada pafumbi, analandira madzi, ndipo anayamba malonje monga mwana wobwera ku ulendo: kumene wachokera, mmene wayendera, ndi chimene wabwera nacho. AnaTembo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Kenako anagwira nsalu ya mkanjowo, anaisisita ndi zala, n'kuyang'ana kumene kunkakhala mpando wa amuna awo.

"Wabwera bwino, mwana wanga," anatero. "Koma atate ako ananena zoona. Mbuzi ija inakwera."